Usabise chinsinsi m'kabuku kapambali

Mwana wanga,

Kuno ku Chilenje tadzuka bwino. Wandifunsa ngati ndi nzeru kulemba tinkhani tapambali ta anthu a m'mabuku ako a zamatsenga aja, pamene buku lachitatu silinathe. Tinkhani totere timakometsa ndithu, koma ndili ndi nkhawa.

Taona zimene anachita mlembi Sarah J. Maas. Mu Throne of Glass, buku la 2012, Celaena timamupeza ali kale kapolo m'migodi ya mchere ku Endovier. Tinkhani tisanu timene anatisonkhanitsa mu 2014 m'buku la The Assassin's Blade ndi timene timafotokoza momwe anafikira kumeneko, ndiponso imfa ya Sam, wokondedwa wake, imene inamuswa mtima. Ukatiwerenga, ukali wa mtsikanayu umayamba kuumvetsa, mwinanso kumulirira. Kankhani kapambali kakachita zimenezi ndiye kuti kagwira ntchito.

Nkhawa yanga ili apa. Yrene, amene timakumana naye koyamba m'kankhani kamodzi mwa timeneti, anadzakhala mmodzi mwa anthu ofunika kwambiri mu Tower of Dawn, buku lina la mndandanda womwewo, mu 2017. Amene analumpha kabuku kaja amamupeza ngati mlendo. Tsono ganizira owerenga ako. Ndi mtsikana wa ku Matero amene wabwereka buku kwa mnzake, chikuto chitamatidwa ndi selotepi, masamba atapindika m'makona chifukwa ladutsa m'manja mwa kalasi yonse. Ndalama yogulira kabuku kowonjezera alibe. Ukabisa m'menemo chifukwa chimene mfumu inaphera m'bale wake, wamumana nkhani imene wayenda nayo mabuku awiri. Chilichonse chimene nkhani yaikulu yatsamirapo chikhale m'buku lalikulu. Kapambali kakhale ka iye amene wakhuta kale koma akufunabe kucheza ndi anthu ako.

Kwinaku ndikukudziwa, mwana wanga. Mapeto akakuvuta umathawira ku zina. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Veronica Roth anayamba watseka mabuku atatu a Divergent mu 2013, ndipo Four, buku la tinkhani take tapambali, linatuluka mu 2014. Nawenso tsiriza kaye lachitatu. Tinkhanito uzitilemba m'kope n'kusunga, sitithawa. Ka agogo osula mipeni aja kokha ndikupempha usakataye, chifukwa ine ndikufunitsitsa kudziwa chimene chinawachotsa kumudzi kwawo.

Bambo ako akupereka moni. Akuti ukamabwera Loweruka utenge mutu womwe wakukanika uja, udzatiwerengere.

Ndine,
Mayi ako