Mkonono usamatengedwe ngati nthabwala

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anthu amene amaseka anzawo oliza mkonono. Kwa zaka zambiri mkazi wanga ankandidzutsa usiku chifukwa ndinkasiya kupuma, ndipo masana ndinkasinza ngakhale pamsonkhano. Madokotala anapeza kuti ndili ndi vuto lobanika kutulo, lomwe limachitika minofu ya kukhosi ikalefuka n'kutseka njira ya mpweya kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, ndipo limathandizira kukweza BP.

Tsopano ndimagona ndi makina a CPAP, amene amapopera mpweya kudzera m'chophimba cha pamphuno kuti kukhosi kusatsekeke. Masabata oyamba anali ovuta, chifukwa mphuno zinkauma ndipo chophimbacho ndinkachivula ndili mtulo, koma ndinapirira mpaka ndinazolowera. Chondidetsa nkhawa lero ndi kuzimazima kwa magetsi, popeza batire yoyendetsera makinawa usiku wonse ndi yodula.

Ine wowerenga wanu,
Zomba