Tinalandira a tsidya la Shire, nanga mwana wathu tikumupirikitsiranji?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi abale anga a kuno ku Chigwa cha Shire kudzera m'nyuzipepala yanu, chifukwa tsiku limene ndinayenera kuyankhula pabwalo la kwathu, mawu anandikanirira pakhosi.

Ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, ndimakhala kufupi ndi Bangula, ndipo ndimayimba kwaya ya amayi kumpingo kwathu. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa cha m'ma 1986, ndinali kamtsikana kongotumidwa kumadzi. Ndimakumbukirabe m'mawa wina mabwato atakocheza padooko, anthu akutsika ndi timitolo pamutu, mapazi atatupa, ana ali duu, mphamvu zolirira zitawathera. Malemu mayi anga anagwira dzanja mayi wina wa ana atatu n'kubwera naye kunyumba. Tinawayalira mphasa kukhitchini. Ufa wa mapira ukachepa tinkadyera limodzi nyika za kudambo.

Mayi ameneyu sankapita kutchalitchi. Mwana wake wamng'ono anali ndi chithumwa m'chiuno, ndipo ankathira nsembe ya ufa pansi pa mtengo kukumbukira amuna awo amene anatsala kunkhondo. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ankaziona zonsezi, koma sanawadzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Anzawo atawafunsa, anangoti, "Wabwera ndi njala, sanabwere kudzalembetsa kalasi." Dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni mudzi. Anayamba kubwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Mlendo wathu potsanzika anatisiyira mtondo wake, tikusinjiramo mpaka lero.

Mu Disembala 2024 zinachitikanso. Ziwawa za chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu masauzande ochokera cha ku Morrumbala anawoloka Shire, ambiri n'kukasungidwa kumsasa wa Nyamithuthu kuno ku Nsanje. Chinali chaka cha njala, chilala chitatentha minda, mabala a namondwe Freddy asanapole. Komabe anthu anapereka. Achimwene anga enieni anatenga thumba la mbatata panjinga kukapatsa alendo. Ndinawanyadira kwambiri.

Achimwene omwewo ndi amene miyezi itatu yapitayo anatulutsa mwana wawo wamkazi m'nyumba.

Mtsikanayu ali ndi zaka 22. Sanabe, sanatukwane munthu, sanatenge pathupi. Anangowauza makolo ake kuti sakufunanso kupita kutchalitchi chifukwa mtima wake sukukhulupirira zimene amaphunzitsidwa, ndipo sakufuna kumanama pamaso pa anthu. Anaitanitsa abale, ine ngati azakhali ndinakhala pamphasa pafupi naye. Anamufunsa katatu ngati asintha maganizo. Katatu konse anayankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti, "Bambo, ndikhululukireni, sindingathe." Mayi ake analowa m'nyumba, anamanga zovala zake m'chitenje n'kuziponya pakhonde. Kunali kutada, udzudzu uli ng'wee. Ine ndinangoti kukamwa pululu, kuopa kuti anzanga a kwaya adzati azakhali akuikira kumbuyo mwana wotayika. Mpaka lero tulo sindiona bwino ndikakumbukira mmene anatolera kamtolo kaja. Anakasenza pamutu ndendende ngati anthu aja a padooko.

Patapita sabata ndinamupeza pamsika. Anamutola ndi mayi wina wachisilamu, wamasiye, wogulitsa nsomba zouma. Anamuona atagona pakhonde la golosale, anamudzutsa, anapita naye kwawo. Nditafika ndinapeza mwana wathu akusanja milamba ndi makakana pabenchi, atavala chitenje cha mayiwo. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinawafunsa pambali ngati akufuna kumulowetsa Chisilamu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, ine ndikamaswali iye amakhala akuphika ndiwo. Sindinamufunse za Mulungu wake. Ndinamufunsa ngati wadya." Ndinamva ngati akuyankhula ndi malemu bambo anga.

Ndikudziwa chimene chikuwawa achimwene anga, ndipo sindikuchipeputsa. Iwo akukhulupirira kuti mwana wawo akupita kuchionongeko. Inenso ndimalira ndikamamupempherera, ndimafuna atabwerera. Koma kodi wabwerera chifukwa chogona pakhonde la golosale? Mwana wamkazi usiku pamsika, madalaivala a mathiraki akudutsa, anthu oledzera akuyendayenda, chimene akanakumana nacho ndani akanachisenza? Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mayi wogulitsa nsomba wausunga mwambiwu, eni mwana taugwetsa.

Ndipo nkhaniyi si ya mpingo wathu wokha. Ndamvapo za mnyamata amene anamuletsa kufika pamaliro a agogo ake chifukwa anasiya kupita kumzikiti, ndi za mayi amene anabwezedwa kwawo chifukwa analowa mpingo wosiyana ndi wa amuna awo. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Koma lamulo silingatsegule chitseko cha bambo amene watseka mtima. Angathe kutero ndi abusa, mashehe, ansembe ndi mafumu athu, amene mawu awo amamveka m'midzi. Pa nthawi ya othawa kwawo munayimirira pamodzi kutiuza kuti tigawane chochepa chomwe tili nacho, ndipo tinakumverani. Ndikukupemphani muyimirirenso, muwauze makolo poyera kuti kupirikitsa mwana si kutumikira Mulungu. Kuno kwathu a kachisi wa Mbona ku Khulubvi, Akhristu ndi Asilamu akhala akumwa madzi a mjigo umodzi, akuyikana maliro. Chovuta n'chiyani kuti bambo ndi mwana wake adyere mbale imodzi?

Achimwene, ndikudziwa kuti nyuzipepala ino imakufikani. Loweruka likubwerali ndikukamutenga mwana uja, adzakhala kwanga. Ndakonza kale chipinda chimene munkagona ana anga, neti ndapachika. Ndikawatengeranso mayi aja nkhuku yowathokoza. Mukafuna kudzamuona, njira mukuidziwa, mudzatipeza pakhonde.

Azakhali odandaula,
Bangula, Nsanje