Lipoti la msonkhano wa ntchito zomanga za boma ndi khonsolo

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la makontirakitala ang'onoang'ono,

Munandituma kukakhala nawo pa msonkhano wokambirana za makontirakiti omanga sukulu, zipatala, misika ndi maofesi a boma, womwe unachitikira mu mzinda wathu uno wa Mzuzu. Nazi zomwe ndabwera nazo.

Za mapepala sindichulukitsa, mukuzidziwa. Popanda satifiketi ya chaka chomwecho yochokera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, kalata ya MRA yosonyeza kuti msonkho uli bwino ndi kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, envelopu yanu imaikidwa pambali mtengo wake asanauone n'komwe. Anatikumbutsanso kuti lamulo la kagulidwe ka zinthu za boma la 2017 linaika zoti 60 peresenti ya makontirakiti opikisanirana m'dziko muno izipita kwa Amalawi eni nthaka. Mwayi ulipo.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa mitengo, ndipo apa ndikupempha mumvetsere. Ambirife timatsitsa mtengo mu BOQ, mndandanda wa ntchito ndi zipangizo ndi mitengo yake, kuti tenda itigwere, tikuganiza kuti zina tidzazionera kutsogolo. Kutsogoloko kulibe chifundo. Ukamaliza maziko, injiniya amabwera kudzayeza, n'kulemba satifiketi, ndiye iwe n'kuyamba kudikira malipiro. Anyamata akufuna zawo pakutha pa mwezi, wa lole ya mchenga ndi kwale akuimba foni tsiku ndi tsiku. Pa malipiro alionse amadulaponso ritenshoni, ndalama yomwe ina umadzailandira nthawi yokonza zolakwika ikatha. Mnzathu wina anaimirira n'kufotokoza mmene kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kunamupezera buloko ya makalasi ili pa mawindo. Simenti ndi malata zinakwera, kontirakiti yake inalibe ndime yolola kusintha mitengo, mpaka anagulitsa galimoto kuti afike pa denga. Mu holo munangoti zii, chifukwa aliyense anadziona yekha.

Maganizo anga ndi akuti nyumba zambiri zomwe zaima pa lintala, udzu utamera m'kati, sizinaime chifukwa cha kuba kokha. Zina zinafera pa tsiku losainira kontirakiti. Ndipo amene akuvutika ndi ana omwe akuphunzirira pansi pa mtengo ndi mvula ya kuno, yomwe mukudziwa kuti imagwa mpaka mu April ndi May.

Mvula yomweyo tinaikambanso pa nkhani ya nthawi. Malo otsetsereka ngati ku Masasa, kapena a chinyontho ngati mbali zina za Chibavi, amadya ndalama pa maziko ndi ngalande. Musalembe mtengo musanakaponde pamalopo.

Njerwa zootcha ndiye tiiwale. Kuyambira 2018 malamulo salola kumangira nyumba za boma njerwa zimenezi, pofuna kuteteza mitengo. Pakufunika mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti, ndipo mabuloko ofumbutuka m'manja oyang'anira akuwakana.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane zinthu ziwiri: kusonkha ndalama yogulira makina oumbira mabuloko a gulu, komanso kupeza katswiri wowerengera mitengo yomangira kuti aziona BOQ ya membala aliyense isanaperekedwe. Omwe satifiketi zawo zatsala pang'ono kutha abwere nazo, mlembi adzalembe masiku ake.

Ine nthumwi yanu.