Kuthokoza chifukwa cha malangizo osamalira wodwala matenda a Huntington

Bwana Mkulu wa Chipatala,

Ife amene tikusamalira achimwene athu odwala matenda a Huntington, matenda a mu ubongo otengera kumtundu, talemba kuti tithokoze. Tinabwera titakonzekera kumva zomwe tinazolowera kwina: "aledzera awa", "izi n'zakumudzi", kapena kungolemberedwa panado m'buku wodwalayo osamuyang'ana n'komwe. Munthu akamagwedezeka manja ndi mutu mosafuna, n'kumayenda dzandidzandi, ena ovala yunifomu amaweruziratu osafunsa za kumtundu. Chikhala anafunsa, akanamva kuti bambo athu anadwalanso chimodzimodzi. Mwana aliyense wa kholo lodwala akhoza kutengera, 50 peresenti, ndipo nthawi zambiri zizindikiro zimayamba munthu ali ndi zaka 30 mpaka 50.

Kwanu kuno anatiitana mwaulemu, adokotala anafunsa mofatsa, zonse zinayenda.

Koma amene sitiwaiwala ndi anamwino aja. Ataona achimwene akutsamwa ndi madzi, anaika cholembera pansi, anakoka mpando, anawakhazika tsonga, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa, n'kuwamwetsa okha. Ankalankhula ndi iwowo, osati ndi ife ayi, ndipo ankadikira yankho ngakhale lichedwe. Anatifotokozera kuti zakumwa zamadzimadzi zimathamanga n'kulowera kumapapo, ndipo chibayo chobwera motero chimapha odwala ambiri otere. Choncho phala likhale lokhuthala, supuni yaing'ono, kudikira ameze kaye, wailesi yozimitsa, ndipo akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30. Mtedza ndi chimanga chokazinga ayi. Mtedzawo usinjidwe, nsinjiro zake zilowe m'phala. Poti thupi limatha msanga ngakhale munthu akudya, adye pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, tikuonjezera mafuta, mazira ndi mapeyala, ndipo tiziwayeza sikelo mwezi ndi mwezi.

Sanatinamize kuti achira. Anati mankhwala monga haloperidol amachepetsa kugwedezeka koma akhoza kuumitsa thupi, pamene tetrabenazine akhoza kukulitsa matenda okhumudwa, ndiye tisasinthe mlingo patokha. Achimwene akangotchula zodzipha, tibwere nawo tsiku lomwelo. Kupsa mtima kwawo ndi matenda a mu ubongo, si mwano. Za ana, anati amene alibe zizindikiro sayezedwa asanakwane zaka 18, ndipo wamkulu ayezedwe akafuna yekha, atalandira uphungu.

Zonsezi anatilembera pamanja m'Chichewa, odwala ena ali pamzere. Kwina kuja ngakhale kufunsa funso limodzi kumakhala ngati mlandu.

Tikupempha kuti mawu athuwa awafike anamwinowo, ndiponso kuti malangizo awowo musindikize, muwatumize kuzipatala zing'onozing'ono kumene mabanja ngati lathu amayambira.

Ife anu,
Abale a wodwala