Lipoti la msonkhano wa makomiti a chitetezo womwe unachitikira ku boma

A Gulupu, mafumu, a Wapampando ndi mamembala nonse a komiti yathu ya chitetezo, zikomo pondituma. Ndalama ya thiransipoti ndi chakudya ndalemba momwe inayendera, pepala lili kwa a Msungichuma. Amene akufuna kuona akaone kumeneko, tisamve za m'makwalala.

Chigawo cha m'mawa chinali cha malonje ndi mbiri: kuti ntchito yoti apolisi azigwira limodzi ndi anthu a m'madera inayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo Lamulo la Apolisi la 2010 linaikhazikitsa m'malamulo. Kenako anatiphunzitsa kalembedwe ka malipoti a pamwezi, mafomu ndabwera nawo.

Ulendo wonse unapindula pamene anaimirira wapolisi woimira boma pa milandu kukhothi. Ndinamufunsa funso lathu lija: bwanji wakuba mbuzi amene aneba, anyamata athu olondera mudzi, amugwira usiku, tikamupereka kupolisi, mkucha timakumana naye pamsika akudya chiwaya? Holo yonse inaomba m'manja, kusonyeza kuti vutoli si lathu lokha. Iye anati gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko limalamula kuti womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, apo ayi atulutsidwe. Kutuluka pa belo si kutha kwa mlandu, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Chimene chimapha milandu yambiri, anatero, n'chakuti tsiku la mlandu likafika mwini mbuzi ali kudimba, aneba amene anagwira wakubayo sakuoneka, ndiye woweruza amangira chiyani munthu popanda mboni?

Apa ndiye pali mlandu wathu, abale. Timakuwa kuti apolisi adya ziphuphu, mwina ena amadyadi, koma ndani mwa ife anakhalapo pabenchi ya khothi kuperekera umboni? Ng'ombe zija zinapezeka kutsidya kwa mtsinje chaka chatha, tonse tinathamanga ndi zibonga, koma kukhothi kunapita mwini wake yekha, pa ndalama yake yogulitsa nkhuku.

Anatiuzanso mosabisa kuti lamulo limalola munthu wamba kugwira wakuba, koma ntchito yake ithere pomupereka kupolisi mwamsanga. Kumenya, kulipiritsa chindapusa pompo, kumusunga usiku wonse atamangidwa pamtengo, zonsezo ndi milandu, ndipo yunifomu ya neba siteteza aliyense. Anatikumbutsa za mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa. Pa za agogo amene akunenedwa ufiti, lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito: wolakwa ndi amene waloza mnzake chala. A Gulupu, ndikupempha kuti mawu amenewa mukawanene nokha pabwalo, chifukwa ife a komiti tikanena amati tikuikira kumbuyo mfiti.

Mayi wa ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, anapempha kuti nkhani zogwiririra ana tisamazithetse pabwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku. Nambala yaulere yothandiza ana ndi 116. Amene wachitiridwa nkhanza ndi wapolisi angathe kukadandaula ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi.

Zimene anagwirizana ndi zoti mashabini azitseka pa nthawi yoikika, ndi zoti komiti iliyonse izikumana ndi apolisi a dera lake mwezi uliwonse. Chachiwirichi ndinachivomera. Choyambacho ndinakweza dzanja monyinyirika, chifukwa wokatseka shabini usiku ndi mnyamata wathu wa neba wopanda ngakhale tochi, pomwe tikaimbira apolisi yankho limakhala loti galimoto ilibe mafuta. Komanso tonse tikudziwa kuti ena mwa eni mashabini akhala nafe m'komiti momuno.

Za matochi zandikumbutsa. Anzathu a madera ena anafika atavala marifulekita, ali ndi mawenzulo, ndipo akuti ndalama ya chitetezo imene nyumba iliyonse imasonkha amaiwerenga poyera pamsonkhano wa mudzi. Ife ndalamayo timatolera mwezi ndi mwezi, koma anyamata akulondera ndi kuwala kwa foni zawo, ndipo atatu mwa amene tinayamba nawo anasiya chifukwa cha kusalandira kangachepe kawo. Ndinafunsa za buku la ndalama pamsonkhano wapitawo, ndinauzidwa kuti nthawi yatha. Sindikuloza munthu, ndikufunsa buku.

Choncho ndikupempha a Mlembi aike mfundo ziwiri patsogolo pa zonse Loweruka likubwerali: buku la ndalama liwerengedwe pamaso pa mafumu, ndipo pa ndalama imene yatsala tipatule thumba la thiransipoti ya mboni zopita kukhothi. Mlandu wa mbuzi za kumpoto kwa mudzi ukulowa mwezi wamawa, ndipo aneba awiri amene anagwira munthuyo akuti alibe ya minibasi.