Kalata yotseguka kwa a Meya: imitsani kaye zogumula pa malo a kampani yakale ija

Olemekezeka a Meya,

Landirani moni ndi ulemu woyenera mpando wanu. Sinditalikitsa malonje, chifukwa anathera m'makalata anayi amene ndatumiza ku khonsolo chiyambireni chaka chino. Atatu ndinalembera inuyo, imodzi ndinalembera wapampando wa komiti yoona za mapulani. Yankho ndinalandirapo limodzi, la mizere iwiri, lonena kuti nkhani yanga yafika ndipo aiunika. Kawiri konse ndakhala pa benchi ya pakhomo pa ofesi yanu mpaka nthawi yoweruka. Ndiye lero ndalemba poyera, kuti kalatayi ikapanda kufika pa tebulo panu, mwina wina woiwerenga adzakukumbutseni.

Ndimakhala mumsewu woyamba kuseri kwa mpanda wamalata umene wazinga malo pomwe kale panali likulu la kampani ija imene inatsekedwa zaka zambiri zapitazo, pamodzi ndi mawekishopu ndi nyumba zake zosungiramo katundu. Malemu bambo anga anagwira ntchito m'menemo mpaka tsiku limene geti linatsekedwa. Lero pa mpandapo amatapo zithunzi zikuluzikulu: nyumba zosanja zagalasi zofika m'mitambo, maofesi, masitolo, nyumba zogona, anthu akuyenda pansi pa mitengo. Kuseri kwa zithunzizo zimakina zikugumula, ndipo chimene chimalumpha mpandawo n'kufika kwathu ndi fumbi.

Mayi anga ndimakhala nawo. Ali ndi zaka 78. Mphumu ndi matenda awo akalekale, koma anali atawazolowera. Kampope kamodzi ka mankhwala kankakhala miyezi. Chiyambireni zogumula, sikatha masabata atatu. Masiku ano sagona chogona. Amakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, manja ali pamaondo, mapewa akukwera n'kutsika, ndipo ine ndili kuchipinda kwanga ndimamva mluzu wa m'chifuwa mwawo khoma lili pakati. Ndimadzuka, n'kunyowetsa nsalu, n'kutseka m'mipata ya mawindo ndi kunsi kwa chitseko, kenako n'kukhala pambali pawo kuwathandiza kupuma: kokani mayi, gwirani, tulutsani pang'onopang'ono. Usiku wina mwezi watha milomo yawo inayamba kuda. Anafuna kundiuza chinachake koma mawu sanatuluke, anangogwira dzanja langa n'kulifinya. Tinathamangira nawo kuchipatala cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo anagonekedwa masiku anayi ali pa okosijeni. A dokotala atamva kumene tikukhala anandifunsa ngati pali wachibale kutali ndi malowa amene angawasunge. Ndiwapititse kuti, a Meya? M'nyumba muno analowamo ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Khonde limene ankakhalapo masana n'kumacheza ndi odutsa sanapondepo miyezi isanu tsopano. Ndimapukuta pawindo m'mawa, pofika masana mutha kulembapo dzina ndi chala. Amatandala m'nyumba yotseka ponseponse, kunja kukutentha, n'kumandifunsa kuti kodi amenewa amaliza liti. Ndimasowa chowayankha, poti inunso simunandiyankhe.

Komatu chimene chimandisowetsa mtendere koposa ndi fumbi lina losaoneka. Bambo anga ankakamba za mapaipi a m'nyumba ya boyila (chimakina chowiritsa madzi) amene anakulungidwa ndi zinthu zoyera ngati thonje, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti madenga a nyumba zosungiramo katundu zija anali a asibesitosi. Kumayambiriro, kwa masiku owerengeka, tinaona anthu ovala maovolosi oyera ndi zophimba kumaso akulowa n'kutuluka m'nyumba imodzi yokha. Kenako anazimiririka, zimakina n'kulowa, nyumba zinazo n'kugwetsedwa madenga ali pomwepo. Palibe anabwera kudzatiuza zomwe anapeza. Asibesitosi akakhala chikhalire savuta kwambiri. Akaphwanyidwa ndi pamene amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso, timene tikalowa m'mapapo timakhazikika momwemo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo limayerekeza kuti anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbi lake pa ntchito. Matendawo saonekera lero kapena mawa. Amatha kubisala zaka 20, 30, ngakhale 40. N'chifukwa chake dziko la Britain linamuletseratu mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, ndipo ku Britain lamulo limafuna kuti nyumba yakale isanagumulidwe, akatswiri afufuzemo kaye asibesitosi n'kumuchotsa. Mayi anga zaka 30 zikubwerazo sadzaziona. Koma mumsewu mwathu muli ana amene amasewera mpira m'tsinde mwa mpanda womwewo. Iwowa adzaziona, pa nthawi imene omangawo adzakhale atagulitsa nyumba zawo n'kupita, inunso mutatula pansi udindo.

Musandimve ngati wodana ndi chitukuko. Malo amenewa akhala bwinja zaka zambiri, udzu wofika m'khosi, mawindo osweka, ndipo kukada anthu ankaopa kudutsa cha kumeneko. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi nzeru kumanga pamalo otere, mkati mwa mzinda momwe misewu, madzi ndi magetsi zilimo kale, kusiyana n'kukadya minda ndi nkhalango kunja kwa mzinda. Kumanga chokwera m'mwamba kumasunga malo. Nyumba zogona, maofesi ndi masitolo zikakhala pamodzi, munthu amatha kupita kuntchito wapansi, ndipo dera silichita zii anthu akaweruka. Ku Tokyo, fakitale yofulula mowa ya kampani ya Sapporo itasamuka, malo ake anasanduka Yebisu Garden Place mu 1994. Ku Atlanta, malo okwana maekala 138 a fakitale ya zitsulo ya Atlantic Steel ndiwo lero ali Atlantic Station, imene inatsegulidwa mu 2005. Koma asanayambe kumanga anachotsa kaye dothi loipitsidwa, maloli masauzande angapo, a boma oona zachilengedwe akuyang'anira. Zimatheka kuzichita bwino, ndipo ine ndikufuna kudzaona kwathu kuno kutasintha.

Zina ndingozitchula chothamanga, poti zonse zili m'makalata aja. Maloli onyamula zibuma amadutsa mpaka pakati pa usiku, osaphimba pamwamba. Madzi opopera kuti fumbi lisabuke timawaona tsiku limene kwabwera akuluakulu a khonsolo basi. Makoma a nyumba zitatu mumsewu mwathu achita ming'alu. Njira yachidule yopita kusukulu ndi pokwerera basi anaitseka popanda kutichenjeza. Mvula ikagwa kumabwera fungo la dizilo kuchokera pamene panali mathanki a pansi pa nthaka, madzi akewo n'kumatsikira m'ngalande yathu. Palibe watifotokozera ngati mapaipi a madzi ndi a zonyansa, amene akulephera kale, adzakwanitse khamu limene lidzadzaze nyumba zosanjazo. Tinafunsa za mphepo, anangotiyang'ana. Chonsecho nyumba yayitali imatchinga mphepo ya m'mwamba n'kuigwetsera pansi mwamphamvu, ndipo ku Leeds mu 2011 mphepo yotere, m'tsinde mwa nyumba ya Bridgewater Place, inagubuduza lole n'kupha munthu woyenda pansi. Eni nyumba za lendi ayamba kale kukweza, ndipo mabanja awiri amene takhala nawo kuyambira ndili mwana anasamuka.

A Meya, mukuukumbukira msonkhano wa mu holo ya sukulu uja, chisankho chili pafupi? Ndinakhala pa mzere wachiwiri. Mayi anga analipo, nthawi imeneyo akuyenda okha. Munaimirira pambali pa kachifanizo ka dera latsopanoli, kokhala ndi timitengo tapulasitiki, n'kutiuza kuti pa nyumba zisanu zilizonse, imodzi idzakhala yotsika mtengo, ya anthu wamba ngati ife. Munati m'deralo mudzakhala paki ya aliyense, yopanda geti. Munatchula kachipatala, ntchito za achinyamata a m'derali, ndi komiti ya anthu okhala pafupi imene izidzakumana ndi omanga mwezi ndi mwezi. Tinaomba m'manja, ndipo sindibisa, voti yanga ndinakupatsani chifukwa cha madzulo amenewo. Komitiyo inakumana kamodzi. Tsopano tamva kuti omangawo abweretsa pempho losintha pulani: nyumba zosanja zitalike kuposa poyamba, zotsika mtengo zichepe ndipo zidzamangidwe m'gawo lomaliza la ntchito, pakiyo ikwere pamwamba pa masitolo pomwe polowera pake padzakhala alonda. Chifukwa chimene akupereka n'chakuti zipangizo zakwera mtengo, phindu lachepa.

Njira imeneyi ena anadutsamo kale. Ku London kuli Battersea Power Station, malo opangira magetsi amene anasiya kugwira ntchito mu 1983. Amalonda a ku Malaysia anawagula mu 2012, ndipo pulani yovomerezeka inali ndi nyumba 636 zotsika mtengo. Mu 2017 eni ntchitoyo anabwerera ku khonsolo ya Wandsworth kukadandaula kuti ndalama sizikukwana, khonsoloyo n'kuvomera kuti zikhale 386. Meya wa London, a Sadiq Khan, anadzudzula poyera, koma chigamulo chinali chitapangidwa. Malowo anatsegulidwa mu 2022, okongola ndithu, sitima ya pansi pa nthaka ikufika pakhomo penipeni. Komabe nyumba 250 zinafafanizidwa pa pulani ndi voti ya makhansala. Kumeneko lonjezolo linali lolembedwa, n'kuchepetsedwabe. Nanga lathuli, longonenedwa pakamwa mu holo ya sukulu? Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo ife pakali pano pamphuno tili ndi fumbi lokha.

Ndikudziwa kuti mpando wanu ndi wotentha. Khonsolo ikusowa ndalama, nyumba zosanjazo zidzabweretsa misonkho, ndipo eni chuma akakanikizidwa amaopseza kuti akamanga kwina. Sindikupeputsa zimenezo. Koma malowa sangawanyamule. Chimene chasandutsa bwinja lija kukhala chuma ndi chilolezo chomanga chokwera m'mwamba, ndipo chilolezo chimenecho si cha kampani. Ndi cha mzinda, mumachipereka inu m'malo mwathu. Mphamvu yanu yonse ili pa nthawi ino, cholembera chisanakhudze pepala. Mukangosaina pulani yosinthayo, mudzayamba kupempha zinthu zimene lero mukanangolamula. Zimandipweteka kuti ine, munthu wamba wosaphunzira zamapulani, ndi amene ndikukukumbutsani zimenezi, pamene ku khonsolo kuli akatswiri amene amalipidwa ndi misonkho yathu kuti azikuuzani.

Tsopano pempho langa, limene lili m'makalata onse anayi aja. Imitsani zogumula sabata ino. Nyumba ya boyila ija idakaimabe, ndiyo yayandikana kwambiri ndi msewu wathu, ndipo zimakina zafika kale pakhomo pake. Isakhudzidwe mpaka lipoti la asibesitosi ndi la dothi litaikidwa poyera pomwe aliyense angaliwerenge. Ngati lipotilo kulibe, tiuzeni kuti kulibe, ndipo lichitidwe ndi katswiri wosankhidwa ndi khonsolo, osati ndi omangawo. Pa mpanda paikidwe zipangizo zoyezera fumbi, zotsatira zake zizituluka tsiku ndi tsiku, ndipo pakhale lamulo lolembedwa loti fumbi likadutsa muyezo makina azime nthawi yomweyo. Muyezowo ulipo kale, a WHO anaulemba m'malangizo awo a 2021. Pempho losintha pulanilo lisakambidwe m'chipinda chotseka. Libwere mu holo yomwe ija, pamaso pa anthu omwe aja, ndipo chiwerengero cha nyumba zotsika mtengo, paki yopanda geti ndi kachipatala zilowe mu mgwirizano wosainirana, zomangidwa m'gawo loyamba osati lomaliza, ndi chilango chodziwika akaphwanya.

Ndipo bwerani mudzaone nokha. Musatumize nthumwi, musawadziwitsenso omangawo, kuopa kuti angapopere madzi tsiku limenelo. Bwerani masana makina ali mkati mogumula. Nambala ya nyumba yathu ili pa makalata amene ali ku ofesi kwanu. Mayi anga amakukumbukirani kuchokera pa msonkhano uja, ndipo akakhala ndi mpweya wokwanira adzakufotokozerani okha.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika yokhala kuseri kwa mpanda wamalata