Kwa mwana wanga, usiku wa mpikisano usanayambe

Wokondedwa mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti mtima suli m'malo chifukwa mawa pa mpikisano wa tchesi akuika ndi munthu wokuposa ndi mapointi 200 pa Elo, muyeso wa mphamvu za osewera tchesi. Nambalayo isakusowetse tulo. Malinga ndi kawerengedwe ka Arpad Elo, kamene FIDE, bungwe la tchesi la dziko lonse, inayamba kugwiritsa ntchito mu 1970, mutasewera magemu 100 iyeyo angatenge mapointi pafupifupi 76 (kupambana gemu ndi pointi imodzi, kufanana mphamvu ndi theka). Otsalawo, 24, ndi ako, ndipo palibe akudziwa kuti gemu ya mawa igwera kuti.

Chimene ndikukuopera n'chakuti ukayamba kudyana naye mothamanga, hatchi kwa hatchi, mfumukazi kwa mfumukazi, poganiza kuti bolodi ikapepuka mufanana mphamvu. Ine ndinataya magemu ambiri motero. Katswiri zimenezo zimamukomera, chifukwa pakatsala mafumu ndi asilikali ochepa m'pamene luso lake limaonekera. Msilikali wako mmodzi akangotsala wopanda womuteteza, basi, amupanikiza kwa ola lathunthu mpaka agwe, iwe ukungoyang'ana.

Ukayambe gemu mmene unazolowerera. Usiku uno si wophunzira zatsopano. Ndipo akasiya bishopu poyera, usathawe poganiza kuti munthu wotere sangalakwitse. Werenga bwinobwino, ukaona kuti palibe msampha, idya. Kumbukira kuti kufanana mphamvu ndi iwe kumutsitsira mapointi a Elo, ndiye gemu ikatalika osaona polowera, iyeyo ndi amene ayambe kukakamiza zinthu. Mu 2004 ku Reykjavik, Magnus Carlsen ali ndi zaka 13 anafanana mphamvu ndi Garry Kasparov, amene nthawiyo anali nambala wani pa dziko lonse, pa gemu yofulumira. Yotsatira Carlsen anagonja, inde, koma pa yoyambayo Kasparov ndiye anatuluka thukuta.

Manja azikhala pamwendo mpaka utatsimikiza, paja ukagwira wagwira, uyenera kuyendetsa chomwecho. Wotchinso uziiponyera diso. Ndimakudziwa, umatha theka la nthawi pa mayendedwe khumi oyamba.

Gemu ikatha, kaya wapambana kaya wagonja, mugwire chanza ndipo umupemphe mubwereze limodzi. Ambiri savuta. Umufunse pamene anayamba kumva kuti zamuyendera, nthawi zambiri sipakhala pamene iwe ukuganizira. Pepala lolembapo mayendedwe usalitaye, ulijambule unditumizire, bolodi yanga ndayala kale.

Ndine bambo ako.